Njira za mphepo zobweretsa mvula ku Chileka ndi Lirangwe

Mvula ya dzinja ku Chileka ndi Lirangwe, kuyambira Novembala mpaka Epulo, imabwera ndi mpweya wochokera kutali kwambiri. Wina umachokera kunyanja yamchere ya Atlantic, n'kumwa chinyezi podutsa nkhalango za ku Congo, n'kulowa m'Malawi chakumpoto chakumadzulo. Umenewu ndiwo umagwetsa mvumbi wa masiku angapo. Wina ndi monsoon, mphepo yosintha kolowera malinga ndi nyengo, yomwe m'miyezi imeneyi imachokera chakumpoto chakum'mawa, kunyanja ya India. Pamene mphepozi zakumana ndi ya kumwera chakum'mawa, mpweya umakankhidwira m'mwamba, n'kuzizira, mitambo n'kukhuthala. Akatswiri amautcha malowa ITCZ, ndipo amasuntha chaka chonse kutsata dzuwa.

M'chisanu zimatembenuka. Mwera wa Juni ndi Julayi, womwe umabweretsa chiperoni m'mapiri a Blantyre, ndi mbali ya mphepo ya kumwera chakum'mawa imene ina imawoloka mzere wa equator cha ku Kenya ndi Somalia, n'kukagwetsa mvula ku India.

Chovuta polondola mphepozi n'chakuti imene ikugwedeza mitengo pa Lirangwe si imene ili makilomita 10 m'mwamba. Nthawi zina zimachita kulowera kosiyana. Choncho zoyezera zapansi, monga za pabwalo la ndege la Chileka zomwe nthambi ya boma yoona zanyengo imagwiritsa ntchito, sizikwanira pazokha. Maiko amaulutsa mabaluni onyamula kachipangizo kotchedwa radiosonde, kamene kamatumiza uthenga wa kutentha, chinyezi ndi mphepo pamene baluniyo ikukwera mpaka makilomita pafupifupi 30, komwe imaphulika. Malo ambiri amaulutsa kawiri patsiku, 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana pa nthawi ya kuno. Mu Africa malo otere ndi ochepa, ndiye masetilaiti a Meteosat amatseka mpata pojambula mitambo ndi nthunzi. Kenako pulogalamu ya pakompyuta, monga HYSPLIT ya bungwe la NOAA ku America, imatsata mpweyawo chobwerera m'mbuyo, ngati mlenje pa mapazi a nyama, kuti ione kumene unali masiku apitawo.

Namondwe Freddy si monsoon, koma anamulondola ndi zida zomwezi. Anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya India, n'kugunda Madagascar ndi Mozambique. Atalowa Mozambique kachiwiri pa 11 Malichi, cha ku Quelimane, mvula yake inasakaza Blantyre ndi maboma ena akumwera.