Kufungisisa

Kufungisisa ndi mawu a Chishona. Kufunga n'kuganiza, ndipo -isis- amalimbitsa mneni monga -itsits- wa mu kuyang'anitsitsa. Tanthauzo lake ndi kuganiza mopitirira muyeso, zija ife timati akudwala maganizo.

Mawuwa ali pa Shona Symptom Questionnaire, mafunso 14 omwe Vikram Patel ndi anzake anafalitsa mu 1997 atafufuza m'makiliniki a ku Harare. Wodwala amangoyankha eya kapena ayi, ndipo wosadziwa kuwerenga amamuwerengera. Agogo a Friendship Bench, ntchito yothandiza odwala maganizo imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mumzinda wa Harare, amafunsa mafunso omwewa.

Ochita kafukufukuwo anaganiza bwino potola mawu pakamwa pa odwala. Mayi wa ku Mbare mutamufunsa za depression angokuyang'anani, koma za kufungisisa afotokoza mpaka za lendi ndi ngongole zomusowetsa tulo.