Timizere ta Madontho pa Mapu a Lifuwu

Mu ofesi ina imene ndinagwirako ntchito munali kabati yomwe aliyense ankangoidutsa. Tsiku lina ndikusaka failo, ndinapezamo mapu akale odyedwa ndi chiswe m'mbali, a mtundu uja umene bungwe la ku Britain la Directorate of Overseas Surveys linkakonza pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa pa ndege. Pakati pa Lifuwu, dambo la Mpatsanjoka ndi mapiri a Senga panali timizere ta madontho. Zimenezi zinali njira za miyendo.

Ambiri timaganiza kuti mbiri ya maulendo kuno inayamba ndi njanji imene inafika ku Salima mu 1935. Ayi ndithu. Njanji isanabwere, khomo la dera lino linali nyanja. Sitima zinkakocheza pa Domira Bay, kumpoto kwa Lifuwu, ndipo katundu ankachoka pamenepo pamitu ya amtengatenga, kukwera zitunda za ku Dowa mpaka ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Sitima ya pamtunda itayamba kulira, dokolo linazilala, ndipo njira zambiri zinamera tsekera. Mabuku a atsamunda amatchula bwanamkubwa amene ananyamulidwa pamachira, koma omwe anapondaponda njirazo mpaka kuuma gwa sawatchula. Izi zimandiwawa.

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti ndinatenga mapu aja n'kupempha mkulu wina, msodzi wopuma, kuti andiperekeze. Poyamba zinthu sizinayende. Pamene mapu ankati pali njira, ife tinapeza minda ya mpunga, kenako mpanda wa munthu. Mkuluyo anayang'anitsitsa pepalalo n'kuseka.

"Bambo, pepala lanuli silikunama, koma likudziwa njira imodzi yokha, ya chilimwe. Dzinja likafika, dambo lonseli limakhala madzi. Ife tinkazungulira m'munsi mwa phiri."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Ndege zojambula malo zimafuna kumwamba kopanda mitambo, choncho zimauluka mvula itatha. Njira ya dzinja, yobisika pansi pa mitengo, diso la kamera silinaione. Mapu anasunga theka, theka linalo linali m'mutu mwa agogowa.

Titalowa m'nkhalango ya m'phirimo, awiriwa anayamba kugwirizana. Mapu anatisonyeza kakhwawa koti tiwoloke, iwo anazindikira mtengo wa bwemba umene apaulendo ankapumulirapo, ndipo pansi pa masamba ouma tinaona kangalande kosaya, kopindapinda monga amayendera munthu wosenza katundu. Tinakatsata mwina kilomita imodzi. Kanakathera pa uvuni wa makala wofuka utsi, pakati pa zitsa zokhazokha, ndipo kuchokera apo agogo aja sanathenso kuloza kolowera, popeza mitengo imene ankaidziwa inali itapita m'matumba.

Madzulo ake ndinatenga pensulo n'kujambula njira ya dzinja pambali pa timadontho ta azungu, iwo akundiuza mayina a malo amodziamodzi.