Lamulo la pa Mbenji ndi khansa ya m'kamwa

Chilumba cha Mbenji ku Salima chili ndi mbiri yofunika kuidziwa. Kuyambira m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira anaika malamulo akuti usodzi uzitsekedwa nyengo ya dzinja, ndipo mowa ndi chamba zisamafike pachilumbapo. Iwo ankateteza utaka ndi mtendere. Lero madokotala akuti mowa ndi fodya, makamaka zikaphatikizana, ndiye gwero lalikulu la khansa ya m'kamwa. Boma linadzaletsa masacheti mu 2015, makolo atayamba kalekale. Vuto n'lakuti msodzi akangokocheza kumtunda, kachasu ndi chingambwe zimamudikirira, chonsecho dzuwa la panyanja lamuwotcha kale milomo. Chilonda cha m'kamwa chikatha masabata atatu osapola, chonde thamangirani kuchipatala.