Boma ndi Ufulu Wodzilamulira wa Mtundu wa Choctaw

Anthu a mtundu wa Choctaw, amene eniake amadzitcha Chahta, kwawo kwenikweni ndi ku Mississippi ndi madera oyandikana nawo, kummwera chakummawa kwa United States. Ufulu wodzilamulira sanachite kupatsidwa ndi boma la America. Anali nawo kale, ndipo umboni wake uli m'mapangano. M'zaka za m'ma 1700 dziko lawo linali ndi zigawo zitatu, chilichonse ndi mfumu yake yotchedwa miko. Mu 1786 America inachita nawo pangano ku Hopewell, monga limachitira boma ndi boma linzake. Ngakhale pangano lowawa la Dancing Rabbit Creek la mu 1830, limene linawalanda maekala pafupifupi 11 miliyoni, linalonjeza kuti kumalo atsopano, kumene lero ndi ku Oklahoma, adzadzilamulira okha. Pa msamuko wa pakati pa 1831 ndi 1833 anthu zikwizikwi anafera m'njira, koma otsalawo atafika analemba malamulo oyendetsera dziko mu 1834, nalembanso ena ku Doaksville mu 1860.

Ena amatsutsa kuti ufulu umene nyumba ya malamulo ya America ingathe kuuchepetsa si ufulu weniweni. Mfundoyi si yopanda pake, pakuti lamulo la Curtis la mu 1898 linafooketsa boma lawo, ndipo kwa zaka zambiri mfumu yawo inkasankhidwa ndi pulezidenti wa America, mpaka anthu anadzavotanso okha mu 1971. Komabe kupondereza boma n'kosiyana ndi kulithetsa. Malamulo awo oyendetsera dziko a mu 1983 anakhazikitsa mfumu yovoteredwa, khonsolo ya anthu 12 ndi makhoti, ndipo mu 2021 khoti la apilo la milandu yaupandu ku Oklahoma linagamula kuti malire a dziko lawo sanafafanizidwepo. Zidzukulu za amene anakana kusamuka zili ndi boma lawolawo ku Mississippi, lovomerezedwa mu 1945, ndipo gulu lawo lina la Jena ku Louisiana linavomerezedwa mu 1995.

Mayina a malo amasunga mbiri imeneyi mosangalatsa. Dzina lakuti Oklahoma linachokera m'chinenero chawo, ndipo analipereka ndi mtsogoleri wawo Allen Wright mu 1866. Maofesi a boma ali ku Durant, koma khonsolo imakumana ku Tvshka Homma, likulu lawo lakale, kumene anthu amasonkhana chaka ndi chaka pa chikondwerero. Likulu loyamba la kumalo atsopano analitcha Nanih Waiya, potengera chulu chopatulika chimene anachisiya ku Mississippi. Mwina tinganene kuti nkhani ya mtunduwu ikuonetsa kuti pangano lakale limatha kukhalabe ndi mphamvu ngati eni ake sasiya kuliumirira.