Loya wa ku Springfield ndi Bele Lake

Kwathu ku Mitundu, ngakhalenso kwa anzathu a ku Nathenje, mlandu wa munda kapena wa ufumu ukafika pa bwalo, akuluakulu amayamba ndi kuwerenga mawere. Wodandaulayo anatuluka m'mimba mwa yani? Nanga amayi akewo anabadwa kwa yani, ndipo bele lawo ndi lalikulu kapena laling'ono? Atate a munthuyo amatchulidwa mochedwa, mwina osatchulidwa n'komwe, pakuti iwo anali mkamwini, ndipo kwawo ndi kwina. Ine ndinakula ndikumva kuwerenga kotere. Tsono ndikufuna ndikuyese pa banja la mlendo, loya wina wa m'tauni yaing'ono ya Springfield ku Illinois, dzina lake Abraham Lincoln. Za upulezidenti wake ndi za nkhondo ya akapolo ndizisiyira ena. Ine changa ndi mtundu wake.

Lincoln analandira chilolezo cha uloya mu 1836, nalowa mu Springfield mu April 1837 pa hatchi yobwereka. Anagwira ntchito ndi John Todd Stuart, kenaka ndi Stephen Logan, ndipo kuyambira 1844 ndi William Herndon. Kawiri pa chaka ankazungulira maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi woweruza, kukamba milandu ya ngongole, ya malire, ya nkhumba zoba. Milandu imene iye ndi anzake anaigwira ikuposa 5,000. Munthu wodziwa kufukula mapepala a anthu ena chotere, za makolo ake ankadziwa pang'ono zedi. Mu 1848 analemba makalata kwa a Lincoln ena, wina wa ku Massachusetts wina wa ku Virginia, kufunafuna ngati pali chibale. Iye ankafika pa agogo ake aamuna basi, kupitirira apo kunali kungomva kuti makolo anachokera ku Pennsylvania. Ngakhale mu 1859 ankanenabe kuti chimene chikumulumikiza ndi a Lincoln a ku Massachusetts ndi kufanana kwa maina kokha.

Atafa mu 1865 ofufuza anapeza kuti chibalecho chinalipodi, ndipo mzere wa atate ake lero ukuwerengeka bwinobwino ngati mizere ya fodya. Samuel Lincoln, mnyamata wophunzira kuomba nsalu, anachoka ku Norfolk ku England mu 1637 nakakhala ku Hingham ku Massachusetts. Samuel anabala Mordecai, wosula zitsulo. Mordecai anabala Mordecai mnzake, amene anakafera ku Pennsylvania mu 1736. Ameneyu anabala John, amene anasamukira ku Virginia; John anabala Abraham; Abraham anabala Thomas; Thomas anabala loya wathu uja mu 1809. Mibadwo isanu ndi umodzi ya amuna, aliyense ali ndi pepala lake: la ubatizo, la munda, la msonkho, la chuma cha masiye.

Maina a Mordecai ndi Abraham amabwerezedwa kwambiri m'banjamo kotero kuti ofufuza ankasokoneza mwana ndi agogo ake. Ife vutoli timalidziwa. Munthu akalowa dzina la Chadza, la Chiseka kapena la Mazengera, amalowanso ntchito za onse amene analinyamula kale, ndipo wokamba mbiri amati "Mazengera anachita zakuti" osanena kuti ndi Mazengera wachingati. Mazengera amene analandira amishoni a Dutch pa phiri la Nkhoma mu 1896 tikumudziwa nthawi yake chifukwa amishoniwo analemba chaka. Amene analipo iye asanalowe amamatirana m'kamwa mwa okamba mpaka kukhala ngati munthu mmodzi wa zaka mazana awiri.

Pa mzere wa amuna uja pali malo amodzi oyenera kuimapo. Mu 1786 Abraham wamkulu anawomberedwa m'munda mwake ku Kentucky ndi mmodzi wa eni dziko a kumeneko, amene Azungu ankawalanda malo. Thomas, wa zaka zisanu ndi zitatu, anali pomwepo. Lamulo la nthawiyo linkapereka malo a womwalira kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo anatenga ndi Mordecai. Thomas anakula akugwira ganyu, naphunzira ukalipentala. Minda imene anagula pambuyo pake ku Kentucky inali ya mapepala osokonezeka, malire olowana, eni ake awiriawiri, ndipo milandu itamutopetsa anawoloka mtsinje wa Ohio mu 1816 kupita ku Indiana. Kwathu mwana wa zaka zisanu ndi zitatu atate ake akafa sataya munda, chifukwa mundawo sunali wa atatewo. Thomas analibe kuchimuna kopindula nako, ndipo kwao kwa amayi ake, a Bathsheba, mpaka lero ofufuza akukanganabe za dzina la mtundu wawo.

Tiyeni tsono tiwerenge Chichewa. Amayi a Lincoln anali Nancy Hanks. Anakwatiwa ndi Thomas pa 12 June 1806, koma pepala la ukwatiwo linapezeka mu 1878, mwana wawo atagona kale m'manda zaka 13, ndipo nthawi yonseyo adani ake ankanong'ona kuti ukwati panalibe. Nancy anafa pa 5 October 1818 ndi nthenda yobwera ndi mkaka wa ng'ombe zimene zadya chitsamba china chaululu. Sanasiye kalata, sanasiye chithunzi. Nanga anabadwa kwa yani? Funso limene mwana wa ku Nathenje angaliyankhe asanayambe sukulu linavuta akatswiri a ku America zaka zoposa zana.

Herndon, m'buku lake la 1889, akusimba kuti cha m'ma 1850, ali awiri pa ngolo kupita ku khoti la boma la Menard, Lincoln anamuuza kuti amayi ake anali mwana wa Lucy Hanks, wobadwa popanda ukwati, atate ake mlimi wina wolemera wa ku Virginia amene sanam'tchule dzina. Anthu ambiri anakwiya ndi Herndon. Mu 1899 Caroline Hanks Hitchcock anasindikiza buku lompatsa Nancy makolo ena aulemu. Louis Warren anati Lucy anali wa banja la Shipley, ndipo dzina la Hanks analitengera kwa mwamuna wake woyamba amene anafa; potero Nancy akanakhala mwana wa m'banja. Mbusa William Barton, m'buku la 1929, anatsutsa zimenezi, nasonyeza zimene mapepala a khoti akunena: mu November 1789 boma la Mercer ku Kentucky linamuimba Lucy Hanks mlandu wa chiwerewere, ndipo mlanduwo unazizira atapezana ndi Henry Sparrow amene anam'kwatira. Joseph Hanks, amene Barton ankati ndiye atate a Lucy, polemba za chuma chake mu 1793 anatchula ana ake ena onse, Lucy ayi.

Mkanganowu unadulidwa mu 2015 ndi magazi. M'thupi la munthu muli kachidutswa ka DNA kamene aliyense amalandira kwa amayi ake okha. Mwamuna amakalandira koma sakapatsira ana ake. Ofufuza anayeza anthu amoyo otsika mwa akazi okhaokha kuchokera kwa Lucy, ena otsika kuchokera kwa ana aakazi a Ann Lee, mkazi wa Joseph Hanks, ndi ena a kwa Shipley. A Lucy ndi a Ann Lee anafanana, pa mtundu wosowa wotchedwa X1c. A kwa Shipley sanafanane nawo. Lucy anali Hanks wobadwa, ndipo mwana wake ananyamula dzina la amayi chifukwa la atate panalibe. Ndimaseka pang'ono ndikaganiza kuti makina odula chotere anachita ntchito imene agogo aakazi a kwa Chiseka amachita akusenda mtedza: kutsata mwana, amake, amake a amake, osayang'ana amuna.

Tikawerenga motere, banja la Lincoln limaoneka lina. Tsinde ndi Ann Lee. Pansi pake pali mawere: Lucy, Elizabeth, Polly ndi Nancy wina, mng'ono wawo. Elizabeth ndi mwamuna wake Thomas Sparrow ndiwo analera Nancy wathu kwa nthawi, namutsatira ku Indiana mu 1817, nafa ndi nthenda yomweyo ya mkaka masiku ochepa iye asanafe. Anabwera ndi Dennis Hanks, mwana wa Nancy wamng'ono uja, nayenso wopanda atate a pa pepala, ndipo Dennis anatsala m'nyumba ya a Lincoln, akugona pa denga limodzi ndi Abraham. Azungu amati Dennis anali msuweni wakutali. Ife ana a akazi apachibale timawayesa a mimba imodzi, choncho Dennis anali mlongo wa amayi a Abraham, ndiye kuti atsibweni ake enieni. John Hanks, amene anadula naye mitengo ya mpanda ndi kuitanira banja lonse ku Illinois mu 1830, anali mdzukulu wa Ann Lee yemweyo. Mnyamatayu anakula pakati pa akuchikazi, ngakhale dzina linali la akuchimuna amene ambiri sanawaonepo. Thomas atafa mu 1851 mwana wake sanapite ku maliro.

Ndipo Dennis anachita monga achitira nkhoswe. Herndon atayamba kuyendera nkhalamba mu 1865, kulemba zimene zinkakumbukira monga anachitira Samuel Ntara polemba Mbiri ya Achewa, Dennis analimbikira kuti mlongo wakeyo dzina lake linali Nancy Sparrow, mwana wa m'banja. Anaphimba manyazi a mbumba. Apa ndipo sindifuna kuti awerengi a kwathu adzitame msanga, chifukwa kuwerenga kwathu nakonso kuli ndi pobisa pake. M'zaka za Angoni ndi za malonda a Ayao, pamene kachisi wa Makewana ku Msinja anapasulidwa ndipo anthu ankathawira m'mapiri, akazi ambiri analowa m'midzi ngati akapolo kapena ngati chikole. Kings Phiri, m'nkhani yake ya 1983 yonena za kusintha kwa banja la Achewa, akusonyeza kuti amuna olemera ankakonda akazi otere popeza analibe nkhoswe, ndipo ana awo ankatsala m'manja mwa atate. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, mdzakazi uja amasanduka "mng'ono wake wa agogo," ndipo aliyense amakhala chete. Zimaululika tsiku la mlandu, wina akaimirira nati, "Inu a bele limenelo musalankhule za ufumu uno, agogo anu anabwera ndi mchere." Lucy wathu timamuika m'bele ndi dzina labwino, wa ku America anam'fufuta pa pepala. Ndi munda ukayamba kuchepa pamene zonse ziwiri zimafukulidwa.

Pepala linatifika ifenso. Malamulo a malo a 1967 atakhazikitsidwa, madera ena a boma la Lilongwe, makamaka chakumadzulo, anayezedwa m'zigawo za mabanja zotchedwa ndunda, ndipo m'kaundula munkalembedwa dzina la woimira banja. Lamulo la malo a makolo la 2016 likulola munthu kapena banja kulembetsa malo ake. Kaundula wa sukulu ndi wa mpingo anayamba kale kutipatsa dzina la atate, ndipo chiwongo chimene ambiri tikunyamula lero chikutsika kuchimuna. Wofufuza wa zaka zana zikudzazo adzapeza amuna athu ali m'mizere ngati a Samuel ndi a Mordecai. Akadzafuna amayi a amayi a munthu wa ku Mitundu adzavutika monga anavutikira Barton, pokhapokha ife amene tikumvabe mawere akuwerengedwa pa maliro ndi pa bwalo tiwalembe, pamodzi ndi aja obwera ndi mchere.

Mathero a banjali amasiyananso malinga ndi wowerenga. Mwa ana anayi a Lincoln ndi Mary Todd, Robert yekha ndiye anakula nabala. Mdzukulu wonyamula dzina, Abraham wachiwiri, anafera ku London mu 1890 ali mnyamata, ndipo mbewu yonse yodziwika inatha ndi Robert Todd Lincoln Beckwith mu December 1985. Umo ndi mwa Azungu. Mwa ife ana amenewo ndi a kwa Todd, ndipo bele la Nancy linatha kale mu January 1828, pamene Sarah, mlongo yekhayo wa Abraham, anafa pobereka pamodzi ndi khanda lake ku Indiana. Abraham anali ndi zaka 18, ndipo sanakhalepo malume wa mwana wa mlongo wake.

Mawere enawo anapitirira, ndipo ankadziwa kopita ndi milandu. Mu March 1864 kunabuka chipolowe ku Charleston ku Illinois pakati pa asilikali ndi anthu odana ndi nkhondo, ena nafa, ena natsekeredwa ndi asilikali popanda kuzengedwa. Abale a omangidwawo anatuma Dennis Hanks. Nkhalambayo inakwera sitima mpaka ku Washington, niilowa kwa mwana wa mlongo wake, niikamba mlanduwo. Anabwerako ndi wotchi ya siliva, ndipo omangidwa aja anabwezedwa ku makhoti a kwawo mu November chaka chomwecho. Dennis anakhala mpaka 1892, nafa ali ndi zaka 93 atagundidwa ndi ngolo pochokera ku chikondwerero cha kumasulidwa kwa akapolo ku Paris, Illinois.