Polishi ndi Bulashi: Mbili ya Nsapato Zonyezimila pa Copperbelt

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, katswili wofufuza za cikhalidwe ca anthu, J. Clyde Mitchell, anali kuonelela gule wa kalela ku Luanshya. M'buku lake lochedwa The Kalela Dance, limene linatuluka mu 1956, anafotokoza kuti ovinawo anali anyamata ogwila nchito wamba, a malipilo ocepa. Koma pa Sondo anali kufika m'bwalo atavala mabuluku ositidwa bwino ndi nsapato zopolishidwa mpaka kunyezimila, ngakhale kuti anali kuvina pa fumbi la m'komboni.

Kodi n'cifukwa ciani anali kuvutika conco? Mgodi wa Roan Antelope unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, ndipo wa Nkana ku Kitwe unatsatila mu 1932. Anthu anakhamukila kuno kucokela kumidzi, ena ku Fort Jameson, imene lelo ndi Chipata, ena ku Nyasaland. Ambili anakulila osavala nsapato. M'tauni imene nchito zabwino zinali za azungu okha, nsapato yowala inali kuonetsa kuti mwini wake naye ni munthu woyenela ulemu. Popeza peya imodzi inali kudya gawo lalikulu la malipilo, anali kuisamala ngati mwana.

Zida zake zinacokela kutali. Polishi ya Kiwi inayamba kupangidwa ku Melbourne, Australia, mu 1906, ndipo asilikali ndiwo anaifalitsa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kampani ya Bata inayambila ku Zlín, m'dziko limene lelo ni Czech Republic, mu 1894, ndipo pambuyo pake inadzatsegula fakitale ku Lusaka. Mibadwo ya ana a sukulu inakulila mu Toughees, ndipo madzulo a pa Sondo anali nthawi yokhala pakhonde ndi kacitini ka polishi, bulashi ndi kansanza.

Luso limeneli linayesedwa kwambili mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975. Ndalama zakunja zinasowa, masitolo anauma, anthu anali kufola pa mizele kuti agule sopo ndi saladi. Nsapato sinali kutayidwa. Wosoka nsapato wa pansi pa mtengo anali kuisoka, kuiika soli ina, nthawi zina yoceka ku tayala, ndipo mkulu ikamucepela inali kupita kwa mng'ono wake.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1991, pamene boma latsopano linatsegula malonda. Salaula inadzaza misika monga Masala kuno ku Ndola ndi Chisokone ku Kitwe. Panabwelanso nsapato zochipa za pulasitiki zooneka ngati cikopa. Zimenezi sizimwa polishi, zimangosupuka. Pang'onopang'ono tinazolowela kugula, kuvala, n'kutaya.

Koma zimene makolo anadziwa zikali zoona. Cikopa ni khungu, cikauma cimang'ambika. Fumbi la m'cilimwe limayamwa mafuta ake, conco pukutani nsapato musanapake polishi, apo ayi mukumatila dothi. Pakani pang'ono, dikilani iume, ndiyeno kwecani na bulashi. Phula la mu polishi ndilo limaletsa madzi kulowa. Mvula ikakupezani pa msewu wa ku Northrise, ikani manyuzipepala mkati mwa nsapato n'kuziumika pamthunzi. Pafupi ndi mbaula kapena padzuwa lamphamvu cikopa cimalimba n'kusweka. Ngati muli ndi mapeya awili, sinthanitsani kuti thukuta liume. Cidendene cikayamba kudyeka mbali imodzi, pitani kwa wosoka cisanafike pa cikopa. Posankha pa salaula, yang'anani kumene cikopa cinacekedwa: ceniceni cimakhala ndi tiubweya kunsi, ca pulasitiki cimakhala ndi nsalu.

Masiku ano wacinyamata amene wamaliza maphunzilo angayende miyezi yambili ndi envulopu ya mapepala, ofesi ndi ofesi, pa peya imodzi yomweyo. Ndalama yogulila ina palibe, koma ya kacitini ka polishi ingapezeke. Anyamata a kalela anali ndi zocepa kuposa ife, koma nsapato zao zinali kuwala Sondo lililonse.