Mphepo, Ndulu ndi Makhololo: Mbiri ya Asing'anga a ku India

Funso lakale

Anthu awiri amadya m'mbale imodzi. Wina amagona bwino, wina amachezera ndi m'mimba. Mvula imawanyowetsa onse awiri, koma chimfine chimagwira mmodzi. N'chifukwa chiyani?

Asing'anga a ku India adafunsa funso limeneli zaka zoposa 2,000 zapitazo. Yankho lawo lidali lakuti anthu sabadwa ndi matupi ofanana. Aliyense ali ndi chibadwa chake, ndipo sing'anga ayenera kuchidziwa asanapereke mankhwala. Using'anga wawo umatchedwa Ayurveda. Sing'anga wake amatchedwa vaidya.

Mabuku atatu

Poyamba nzeruzi ankaphunzitsana pakamwa. Kenako adazilemba m'chinenero cha Sanskrit. Mabuku akuluakulu alipo atatu.

Loyamba ndi Charaka Samhita, lomwe lili ndi mitu 120. Muli chiphunzitso cha Atreya, chimene wophunzira wake Agnivesha adalemba. Charaka adakonzanso bukulo pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Patapita zaka mazana angapo, Dridhabala adalemba mitu imene inkasowa.

Lachiwiri ndi Sushruta Samhita, la ku mzinda wa Varanasi, m'mbali mwa mtsinje wa Ganges. Ili ndi buku la opaleshoni. Limafotokoza kachizidwe ka ng'ala, kuchotsa miyala m'chikhodzodzo, ndi kuumba mphuno yatsopano ndi khungu la patsaya. Ophunzira ankayamba ndi kucheka nkhaka, mphonda ndi mavwende. Kusoka ankaphunzirira pa nsalu ndi pa zikopa. Dzanja likazolowera, m'pamene ankawalola kukhudza munthu.

Lachitatu ndi Ashtanga Hridayam, limene Vagbhata adalemba cha m'ma 600. Iye adafupikitsa mabuku awiri aja, n'kuwaika m'ndakatulo kuti ophunzira aloweze pamtima. Mpaka lero bukuli amalikonda kwambiri ku Kerala, kumwera kwa India.

Zinthu zitatu za m'thupi

Mabukuwa amati chilichonse padziko chidapangidwa ndi zinthu zisanu: dothi, madzi, moto, mpweya ndi mlengalenga. Thupi la munthu nalonso n'chimodzimodzi. M'thupimo zisanuzi zimagwira ntchito m'magulu atatu otchedwa dosha.

Dosha yoyamba ndi vata, kapena kuti mphepo. Ndi youma, yozizira ndi yopepuka. Imayendetsa zonse zoyenda m'thupi: kupuma, kuphethira, kutuluka kwa chimbudzi, kubadwa kwa mwana. Kwawo kwenikweni ndi m'matumbo aakulu.

Yachiwiri ndi pitta, kapena kuti ndulu. Ndi yotentha. Imagaya chakudya, imafunditsa thupi, imabweretsa njala ndi ludzu. Imakhala chapamchombo.

Yachitatu ndi kapha, kapena kuti makhololo. Ndi yolemera, yozizira ndi yonona. Imagwirizanitsa thupi, imafewetsa mfundo za mafupa, imapatsa nyonga. Imakhala m'chifuwa.

Zitatuzi zikakhala pa muyeso wake, munthu ali bwino. Imodzi ikasefukira, matenda ayamba. Charaka adawerenga matenda 80 a vata, 40 a pitta ndi 20 a kapha.

Chibadwa cha munthu

Apa m'pamene pagona nkhani. Asing'angawa ankati muyeso woyenera si umodzi kwa anthu onse. Mwana amalandira muyeso wake pa tsiku limene mayi atenga pakati. Umachokera ku mbewu ya bambo ndi ya mayi, ku nyengo ya chaka, ndi ku zimene mayi akudya. Muyeso umenewu amautcha prakriti, ndipo amati susintha mpaka imfa.

Munthu wa vata amakhala woonda, wa khungu louma ndi lotuwa. Mitsempha imaonekera, mfundo zimalira akamayenda. Amayenda mofulumira, amalankhula kwambiri, sakhazikika malo amodzi. Amamva zinthu msanga, koma amaiwalanso msanga. Tulo take n'tochepa. Amadana ndi chisanu, ndipo mantha samuchedwa.

Munthu wa pitta amamva kutentha. Thukuta limatuluka lambiri. Njala ikamugwira sapirira, ndipo amadya ndi kumwa kwambiri. Imvi ndi dazi zimamufika akadali wamng'ono. Ndi wanzeru zakuthwa ndi wolimba mtima. Amapsa mtima msanga, koma sachedwa kuphwa.

Munthu wa kapha ndi wojintcha, wa khungu losalala ndi tsitsi lambiri. Sapupuluma poyenda, polankhula ngakhale podya. Amachedwa kumva phunziro, koma akamva saiwala. Ndi woleza mtima, wosunga chibwenzi, ndipo akagona amagoneratu. Mabuku amati mwa atatuwa iye ndiye wamphamvu ndi wokhalitsa.

Sushruta adafika mpaka pa maloto. Adati wa vata amalota akuuluka m'mwamba. Wa pitta amalota moto, mphezi ndi golide. Wa kapha amalota nyanja zokhala ndi maluwa ndi mbalame za m'madzi. Adawafanizanso ndi nyama. Wa vata adamuika pamodzi ndi mbuzi, kalulu, nkhandwe ndi khwangwala. Wa pitta adamuika ndi njoka, kadzidzi ndi mphaka. Wa kapha adamuika ndi mkango, hatchi ndi njovu.

Ambiri akawerenga mpaka apa amayamba kudzisankhira gulu, n'kusankhiranso mkazi kapena mwamuna wawo. Tisafulumire. Mabukuwo amati mitundu ilipo isanu ndi iwiri, osati itatu. Pali atatu aja, pali atatu ena osakaniza dosha ziwiri, ndipo pali mmodzi amene zonse zitatu n'zofanana. Wotsirizayu ndiye amamuyesa wamwayi kuposa onse.

Msinkhu nawo uli ndi mbali yake. Ubwana ndi nthawi ya kapha, n'chifukwa chake ana sachoka mamina. Zaka zapakati ndi za pitta. Ukalamba ndi wa vata, pamene khungu limauma, tulo n'kuchepa. Nyengo za chaka cha ku India nazonso adazigawa: vata imavuta m'nyengo ya mvula, pitta mvula ikangotha, kapha chisanu chikamachoka.

Za mumtima

Asing'angawa sankalekanitsa thupi ndi maganizo. Ankati mumtima mwa munthu mulinso zinthu zitatu. Sattva ndi kudekha ndi kuona zinthu bwino. Rajas ndi chilakolako ndi kusakhazikika. Tamas ndi ulesi ndi mdima wa maganizo. Potsata zimenezi, Charaka adatchula mitundu 16 ya makhalidwe a anthu. Adaphunzitsanso kuti mkwiyo, chisoni ndi mantha zimatha kuletsa chakudya kugayika, ngakhale chakudyacho chikhale chabwino.

Momwe ankachizira

Wodwala akabwera, vaidya ankayenera kuona zinthu khumi. Zina mwa izo ndi chibadwa chake, matenda ake, kukula kwa thupi, zakudya zimene adazolowera, kulimba mtima kwake, mphamvu yake yogaya chakudya, mphamvu yake pa ntchito, ndi zaka zake. Chifukwa chake Charaka adachinena momveka. Mankhwala amphamvu akapatsidwa kwa munthu wofooka amatha kumupha. Mankhwala ofooka akapatsidwa kwa munthu wamphamvu wodwala kwambiri sachita kanthu.

Kwa ine, iyi ndiyo nzeru yaikulu m'mabuku onsewa. Sing'anga ankakhala pansi, kuyang'ana, kukhudza ndi kufunsa. Ankafuna kudziwa munthu amene wanyamula matendawo. Kugwira mtsempha wa padzanja, kumene ambiri amaganiza kuti n'kwakale kwambiri, kudabwera pambuyo. Kumapezeka m'buku la Sharngadhara la cha m'ma 1300.

Lamulo la kuchiza lidali losavuta: chofanana chimachulukitsa, chosiyana chimachepetsa. Wouma ndi wozizidwa ankamupatsa zofunda ndi zonona. Wotenthedwa ankamupatsa zoziziritsa. Wolemedwa ankamupatsa zopepuka, n'kumuuza kuti aziyenda ndi kugwira ntchito.

Zakudya adazigawa m'magulu asanu ndi limodzi potsata kakomedwe kake. Pali zotsekemera, zowawasa, zamchere, zowotcha m'kamwa monga tsabola ndi jinja, zowawa monga masamba a nimu, ndi zomanga lilime monga nthochi yosapsa. Zotsekemera, zowawasa ndi zamchere zimatsitsa vata. Zotsekemera, zowawa ndi zomanga lilime zimatsitsa pitta. Zowotcha, zowawa ndi zomanga lilime zimatsitsa kapha. Mtengo wa nimu umene wadzaza ku Nsanje ndi ku Chikwawa kwawo ndi kumeneko, ku India ndi maiko oyandikana nawo.

Mafuta a chitowe ankawagwiritsa ntchito pa vata, mafuta a mkaka wa ng'ombe pa pitta, ndi uchi pa kapha. Matenda akakula, ankatsuka thupi. Wa kapha ankamusanzitsa. Wa pitta ankamutsegula m'mimba. Wa vata ankamupopera mankhwala kumbuyo.

Nzeru idayenda ulendo

Mabuku akale a chipembedzo cha Buddha amatchulanso mphepo, ndulu ndi makhololo ngati zoyambitsa matenda. Amonke a chipembedzochi adanyamula nzeruzi kupita nazo kutali. Ku Tibet mpaka lero asing'anga amaphunzitsa zitatu zomwezi m'chinenero chawo.

Mu 1890 msilikali wa ku Britain, Hamilton Bower, adagula mabuku olembedwa pa makungwa a mtengo ku Kucha, dera limene lero lili kumadzulo kwa China. Mabukuwo adalembedwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Muli mankhwala a Ayurveda, ndipo gawo loyamba limakamba za adyo. Lero akusungidwa ku Oxford. Cha m'ma 800, ku Baghdad, mabuku a Charaka ndi Sushruta adamasuliridwa m'Chiarabu.

Nthawi ya Angelezi

Angelezi atayamba kulamulira India, mu 1822 adatsegula sukulu ku Calcutta yophunzitsa using'anga wa eni dziko pamodzi ndi wa ku Ulaya. Mu 1835 adaitseka, n'kutsegula Calcutta Medical College, kumene ankaphunzitsa za ku Ulaya zokha m'Chingelezi. Chaka chotsatira Madhusudan Gupta, amene adali vaidya, adatumbula mtembo pasukulupo ophunzira akuona.

Ayurveda idataya thandizo la boma, koma m'midzi anthu sadaisiye. Mu 1902 P. S. Varier adatsegula Arya Vaidya Sala ku Kottakkal, m'dera la Kerala. Adayamba kupanga mankhwala ambiri nthawi imodzi n'kuwaika m'mabotolo, kuti wodwala asavutike kufuna zitsamba yekha.

India idalandira ufulu mu 1947. Mu 1970 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo loyendetsa maphunziro a using'angawu. Lero vaidya amaphunzira zaka zisanu ndi theka ku koleji. Mu 2014 boma lidapanga unduna wapadera wotchedwa AYUSH. Mu 2022 padaikidwa mwala wa maziko a likulu la bungwe la World Health Organization loona za mankhwala a makolo ku Jamnagar, m'dera la Gujarat.

Zimene zayesedwa

Kodi vata, pitta ndi kapha zilipodi m'thupi? Palibe makina a kuchipatala amene amaziona m'magazi kapena m'matumbo. Ndi njira imene anthu akale adapeza yolongosolera zimene maso awo ankaona, nthawi imene majeremusi adali asanadziwike. Ofufuza apezanso kuti avaidya angapo akayeza munthu mmodzi, nthawi zambiri sagwirizana za chibadwa chake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Ayurveda idatchuka ku America ndi ku Ulaya. Kumeneko idasanduka malonda. Munthu amayankha mafunso ochepa papepala kapena pa intaneti, n'kuuzidwa kuti ndi wa pitta, kenako amamugulitsa botolo. Izi zimandimvetsa chisoni. Pa zinthu khumi zija patsala chimodzi, ndipo palibe amene wamuyang'ana wodwalayo m'maso.

Zitsamba zina zidapambana poyesedwa. Muzu wa sarpagandha ankaupereka kwa odwala misala ndi osowa tulo. Mu 1952 akatswiri a kampani ya Ciba ku Switzerland adatulutsamo mankhwala otchedwa reserpine, amene adathandiza anthu ambiri odwala kuthamanga kwa magazi.

Zina zidapezeka zoopsa. Pali nthambi ya Ayurveda imene imaotcha zitsulo n'kusakaniza phulusa lake ndi zitsamba. Mu 2004 dokotala Robert Saper ndi anzake adagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'masitolo a ku Boston, ku America. Mitundu 14 idapezeka ndi mtovu, mekyule kapena aseniki. Mu 2008 adayezanso mitundu 193 yogula pa intaneti, ndipo umodzi mwa isanu iliyonse udali ndi zitsulo zomwezo. Mtovu umaononga impso ndi magazi a munthu wamkulu. Kwa mwana wamng'ono ndi mwana amene ali m'mimba, umaononga ubongo.